Jekete ya ku Bulawayo

Inu ana, Wongani ndi Tamara, pempho lanu landipeza. Bambo anu anandiimbira foni Lachitatu kuti mukufuna chithunzi cha agogo anu aamuna choti chikaikidwe pa chiliza mwezi wamawa. Ndafufuza m'sutikesi, ndatsegula Baibulo tsamba ndi tsamba, ndakhuthula ndi thumba la matepi lomwe. Chithunzi palibe. Kachithunzi ka pa chikalata chawo kanafufutika ndi thukuta, pakuoneka makutu okha. Musaseke. Munthu amene anajambula maukwati, maliro, nsomba za pansi pa madzi ndi masewero a pa kanema, iye mwini nkhope yake sinalowe m'kamera. Inalowa ndi jekete yokha, ndipo wolakwa ndine. Ndikulemba m'Chichewa chifukwa Chitonga chanu chimathera pa "yewu". Wongani, foniyo uyambe waika pansi.

Agogo anu a Fernando sanali akuno, izi mukudziwa. Anabadwira tsidya la nyanja, ku Mozambiki. Ntchito ya kamera anaiphunzira kwawo konko ali mnyamata, ndiye nkhondo itavuta anathawa ndi malaya okha amene anali m'thupi. Kuno ku Kande anafika ndi azungu ena amene ankajambula tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala ija. Azunguwo ankaloza, iwo n'kumira ndi kamera ili m'bokosi lagalasi. Ine tsiku limenelo ndinali padziwe kuvuula chinangwa. Inu mumadya kondowole mutatseka mphuno, koma simunamvepo fungo la chinangwa chimene chagona m'madzi masiku anayi. Ndikuweramuka, ndinangoona munthu wamtali wandilozetsa chinthu chakuda.

"Ada, chimenecho mulozetse nsomba zanu," ndinatero. "Ine sindinasambe."

Anatsitsa, n'kupepesa m'Chinyanja cha kwawo chimene chinkamveka ngati munthu akuyankhula ali ndi mtedza m'kamwa. Chitonga sankachidziwa, ine Chipwitikizi sindinkachidziwa, ndiye tinakumana pakati, pa Chichewa. Azungu atapita, iwo anatsala.

Bambo anga anali atamwalira kale, choncho nkhani ya ukwati inafika kwa asibweni anga a Mhone, alongo awo a mayi. Asibweni sanadandaule kuti munthuyo ndi mlendo. Sanadandaule za tchalitchi chake. Chimene chinawapweteka ndi chovala. Agogo anu ankavala kabudula ndi chivesi cha matumba ambirimbiri, thumba lililonse muli kanthu: mabatire, tinsalu topukutira galasi, zingwe.

"NyaManda," anandiitana asibweni, "amuna onse a m'mbali mwa nyanja ino, iwe wasankha wopanda jekete? Munthu ameneyu akadzafa tidzamuika ndi matumba akewo?"

Muyenera kudziwa mtundu umene munachokera, ana inu. Ife kuno munthu akhoza kugona ndi njala, koma sangapite kutchalitchi ndi malaya osasita. Amuna athu kuyambira kale ankapita ku Joni, ku Bulawayo, ku migodi ya ku Zambia, ndipo pobwera chinthu choyamba kutsika nacho chinali suti. Asibweni a Mhone anagwira ntchito m'hotela ku Bulawayo zaka zambiri, ndipo ngakhale popita kukaona bwato ankapesa tsitsi. Simbi yathu inali yamakala, yolemera ngati mwana wa miyezi itatu. Unkaipeperera mpaka maso kufiira, ndipo kakhala kamodzi kakagwera pa kolala, tsiku lonse laipa. Inu lero mumagula buluku long'ambika kale m'mawondo. Tamara, asibweni akanakuona akanaitanitsa singano.

Ukwati anavomera, koma mkamwini wawo ankangomutchula kuti "wa matumba".

Zaka zoyambirira agogo anu ankajambula chilichonse chimene chapezeka. Maukwati ku Chintheche, malipenga, mafilimu a zaumoyo ophunzitsa anthu kusamba m'manja. Kamera ya masiku amenewo si kanthu kanu kolowa m'thumba aka. Inkakhala paphewa ngati thumba la mpunga wa ku Limphasa, mpaka phewa lawo lakumanja linatsika, malaya onse ankapendekera mbali imodzi. Mabatire ankakatchajitsa ku Chintheche pa njinga. Ulendo wina anapita ku Usisya pa sitima nthawi ya mwera, anabwerako atasanza mpaka ndulu, koma kamera ili youma, ataikulunga m'chitenje changa chatsopano. Sindinawayankhule masiku awiri.

Anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito. Akafika pamalo sankayamba msanga kujambula. Ankakhala pansi, kamera ili pambali, n'kumadya nawo mango, n'kumathandiza kusoka ukonde, mpaka anthu atatopa nawo. Ankati, "Munthu akamakumbukira kamera amavala nkhope ya mlendo. Akaiiwala, ndiye mwini wake amatuluka." Mawu amenewa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Wailesi ya kanema itangoyamba kumene m'dziko muno, anawalemba ntchito ku Blantyre ngati wojambula. Ine ndinatsala kuno ndi ana, bambo anu, Yotamu, ali sitandade 3. Tsono panali chinthu chimodzi chimene chinkatidetsa nkhawa chaka ndi chaka. Chikalata chowalola kukhala m'dziko muno chinkayendera ntchito. Ntchito ikatha, chikalata chatha, munthu azibwerera kwawo. Koma kwawo kunalibenso aliyense, nkhondo inasesa. Ndipo ine ndikanatani, kusiya mayi anga okalamba, kapena kusiya mwamuna?

Chaka china kuntchito kwawo anayamba kuchepetsa anthu. Ojambula anali atachuluka, achinyamata ophunzira. Bwana wawo anawaitana n'kunena kuti malo a wojambula palibe, koma akusowa wotsogolera, amene amati dayilekita, uja amauza wojambula choti ajambule. Anawapatsa mwayi umodzi. Apite kwawo kwa mkazi wawo, akapange pulogalamu ya moyo wa kunyanja, asodzi ndi amayi a chinangwa, mmene amakhalira tsiku ndi tsiku. Masiku anayi, galimoto imodzi, dalaivala ndi bambo wina wogwira mtengo wa maikolofoni. Kamera azigwira okha. Ikakoma, ntchito ilipo. Ikapanda kukoma, basi.

Ananditumizira kalata. Ine sukulu ndinalekeza sitandade 4, koma kalata imeneyo ndinaiwerenga bwinobwino, sindinganamizire sukulu. Analemba kuti, "Uwauze anthu asasinthe kanthu. Akhale mmene amakhalira masiku onse."

Ndinaipinda kalatayo n'kuyamba kuganiza. Dziko lonse litione? A ku Lilongwe, a ku Zomba, atione ndi zigamba kumatako, tikununkha chinangwa? Ndipo adzati ndani watibweretsera manyazi amenewa, si mwamuna wa NyaManda? Lachisanu ku Umanyano, titatha mapemphero a amayi, ndinaimirira.

"Amayi, sabata yamawa kukubwera kanema. Chonde musandichititse manyazi. Mukawauzenso abambo."

Sindinanene zambiri, koma kuno mawu otere safuna kubwereza. Loweruka ndi Lolemba mudzi wonse unali utsi wa simbi. Makala anatha mpaka anthu ankabwerekana moto. Masutikesi amene anali asanatsegulidwe chimwalirire eni ake anatsegulidwa, fungo la mankhwala a njenjete linafika mpaka kumsewu.

Lachiwiri m'mawa galimoto inaima pamchenga. Ine ndinali pomwepo, nditavala diresi yanga yaukwati imene inali itayamba kundithina. Agogo anu anatsika, kamera paphewa, n'kuyang'ana kunyanja. Amuna makumi awiri ankakoka khoka, aliyense ali m'suti. Mataye ali pakhosi, mabuluku apindira m'mawondo, nsapato azimanga zingwe n'kuzikoleka m'khosi kuti zisanyowe koma zioneke. Asibweni a Mhone anali kutsogolo kwa chingwe, jekete yabulawuni, chipewa chozungulira, kansalu koyera kali pathumba la pachifuwa. Kudziwe amayi ankavuula chinangwa ndi nsonga za zala, zikwama zili pamkono.

Dalaivala anaseka mpaka anakhala pansi. Agogo anu sanaseke. Anatsitsa kamera pang'onopang'ono.

"Asibweni, kodi kuli ukwati?"

"Kuli ntchito, wa matumba. Jambula, dzuwa likukwera."

"Koma simukoka khoka chonchi masiku onse."

"Masiku onse sitionedwa ndi dziko."

"Chonde, vulani majekete okhawo. Muvale zija mumavala."

Asibweni anasiya chingwe. "Iwe, ine ndinaperekera tiyi kwa anthu akuluakulu ku Bulawayo, palibe anandionapo chigongono. Lero ufune kundionetsa dziko lonse ndili ngati chowopsezera mbalame m'munda wa mpunga? Anyamata, kokani!"

Tsiku loyamba linapita choncho. Tsiku lachiwiri agogo anu anati awadzidzimutse, anafika dzuwa lisanatenthe, galimoto ataisiya kumsewu. Anapeza anthu avala kale, ena awonjezera ndi magalasi akuda. Masana anabwera kunyumba, anakhala pansi pa mtengo wa mango, chakudya anangochiyang'ana.

"Ndani anawauza anthuwa?" anafunsa.

Ndikanatha kunamizira amayi a ku Umanyano, koma ndinati, "Ndine."

Sanali munthu wokalipa. Anangoti, "NyaManda, wandikweza bwato lobwerera kwathu." Kenaka anayang'ana bambo anu amene ankasewera ndi galimoto yamawaya pabwalo. Masiku anali atatsala awiri, m'tepi mulibe kanthu.

Nthawi yomweyo asibweni anatulukira, jekete ili pamkono. Akazi awo anali atamwalira, ndiye zosita zawo zinkabwera kwa ine. Mkamwini wawo sanamuyang'ane n'komwe.

"Mwana wa mlongo wanga, pali mamba a usipa pamkonopa. Uchotse ndi kansalu konyowa, usakhule. Simbi isatenthe kwambiri. Jekete iyi si ya pa kaunjika. Ine ndinayenda wapansi kuchoka pano, miyezi iwiri, mapazi anang'ambika ngati chinangwa chophika. Tinkagona m'mitengo kuopa mikango. Nditafika ndinatsuka mbale chaka chathunthu ndikuiyang'ana pawindo la sitolo ya Mmwenye, tsiku lililonse ndikudutsa ndinkaipatsa moni..."

Nkhani imeneyi ndinali nditaimva kambirimbiri. Tiyi amene ndinawapatsa anazizira m'manja, ntchentche inagweramo, iwo osaona. Ndipo m'pamene chinthu chinandigunda. Asibweni atapita ndinakhala pafupi ndi agogo anu.

"Bambo ake Yotamu, paja mumati munthu akaiwala kamera ndiye amatuluka?"

"Awa sangaiwale. Akuivalira."

"Mwaona tiyi uja? Afunseni za jekete. Aliyense mumufunse kuti jekete yake inachokera kuti. Adzaiwala kamera, adzaiwala ndi inu nomwe."

"Bwana anandituma asodzi, sanandituma zovala."

"Nanga avala zovalazo ndi ndani, si asodzi omwewo?"

Ndinangoona zala zawo zikupanga kabokosi kaja ankapanga akamayeza chithunzi, akuyang'ana jekete ili pachingwe.

M'mawa mwake sanapemphe munthu kuvula kanthu. Anajambula khoka likukokedwa ndi masuti ake omwewo, nsapato zikulendewera m'makosi. Nsomba zitatuluka, anakhazika asibweni pamphepete pa bwato n'kufunsa funso limodzi lokha. Ana inu, zimene zinachitika sindidzaiwala. Asibweni anayankhula mpaka taye inapita kumbali, osaikonza. Amuna ena anayamba kulimbirana. Uyu yake inachokera ku mgodi wa ku Kitwe, anaigula atapulumuka pamene mwala unagwera mnzake. Uyu ndi ya mkulu wake, anakwatira nayo anthu anayi a banja limodzi, aliyense akuipinda manja mosiyana. Ankatsutsana, kunyozana, "Bodza ada, imeneyo munagula ku Mzuzu!" Maikolofoni ili pamwamba pa mitu yawo, palibe amene anaiona.

Amayi nawo anaika zikwama pansi. Kenaka kunabwera NyaLongwe, mayi wachikulire amene sankayankhulayankhula, atanyamula jekete yakuda pamanja ngati mwana. Mwamuna wake anapita ku Joni iye ali ndi pakati. Patapita zaka kunabwera jekete yokha ndi munthu wina, mwini wake osaoneka mpaka lero. Anati chaka chilichonse mvula ikatha amaiyanika padzuwa, n'kuisita, n'kuibwezera m'sutikesi. Anafunsidwa chifukwa chake, anangoti, "Nanga akabwera aipeze yamakwinya?" Dalaivala uja woseka anapita kuseri kwa galimoto.

Tsiku lomaliza, atatsala pang'ono kutseka, asibweni anakweza dzanja.

"Wa matumba, watifunsa tonse. Nanga iwe yako inatsala kuti?"

Agogo anu anayankha diso lili pakamera. "Ine sindinachoke kwathu ngati inu, asibweni. Inu munapita kukafuna, munatsanzika. Ine ndinathawa. Bambo anga anali nayo jekete, inapsera m'nyumba."

Asibweni anaimirira n'kuyamba kumasula mabatani.

"Tsitsa chinthucho. Bwera kuno."

Wa maikolofoni manja ake anali pamtengo, dalaivala anali atapita kukagula nsomba za batala. Agogo anu anangotembenuka n'kundisenzetsa kamera paphewa. "Gwira apa, yang'ana umu, usagwedeze." Ine ndimasenza mtolo wa nkhuni pamutu osaugwira, koma paphewa ndi nkhani ina. Chinthucho chinayamba kundiweramitsa pang'onopang'ono, ndiponso m'maso munali misozi, sindinkaona kanthu. Asibweni anawaveka jekete pamwamba pa chivesi cha matumba chija, manja ake anathera pakati pa mkono.

"Yakufupikira," anatero asibweni, "koma munthu wa pamudzi pano sayenda chigongono pamtunda."

Anabwerera ku Blantyre. Masabata atatu kunalibe uthenga. Anadzandiuza pambuyo pake kuti bwana ataona tepi anagwira mutu, amvekere, "Ndinakutuma kunyanja, wandibweretsera shopu ya telala?" Koma tsiku loulutsa linali litakwana, china choika panalibe, ndiye anaiulutsa Lamulungu masana. Ife tinakaonera kwa aphunzitsi ena ochokera ku Dedza amene anali ndi kanema wa batire ya galimoto. Anatulutsa kanemayo pakhonde, mudzi wonse uli pabwalo, ndipo musafunse chimene anthu anavala. Asibweni atadziona anakalipa, "Bwanji sanandiuze kuti taye yapotoka?" NyaLongwe anaonera atafunda chitenje kumutu.

Chakumapeto kunaoneka chithunzi changa chija. Jekete, manja a asibweni akukonza kolala, mawu a agogo anu akuti "Yewu, asibweni." Mutu panalibe. Ndinawadula pakhosi penipeni. Anthu anaseka mpaka ana analira ndi mantha. Nditawafunsa chifukwa chimene sanachotsere, anati, "Ndi chithunzi chokhacho m'filimu yonse chimene wojambula wake analira. Ndichotse bwanji?"

Makalata anayamba kufika kuntchito kwawo, ochokera ku Karonga, ku Mulanje, kulikonse kumene kuli nyumba imene munthu wake anapita kunja. Ankapempha kuti aibwereze, ndipo anaibwereza. Mwezi usanathe agogo anu anatsika basi pamsewu, atavala jekete ija kukutentha, anatulutsa chikalata m'thumba lam'kati n'kundipatsa. Chidindo chinali chisanaume bwino.

Kuyambira pamenepo kamera anaisiyira achinyamata, iwo n'kumaima kumbuyo. Anatsogolera mapulogalamu, kenaka masewero aja a mlungu ndi mlungu amene amayi anu ankawakonda, kenaka mafilimu aatali awiri, ina anajambulira ku Tukombo. Ine ndinapitako kamodzi kukaona ntchito yawo. Munthu wofatsa uja ankakuwa "Dulani!" mpaka nkhuku kuthawa, kenaka n'kupita kukanong'oneza wosewerayo ngati akumupepesa. Achinyamata ake ankadandaula kuti tsiku loyamba salola kujambula, amangofuna anthu akhale pansi adye limodzi. Ndipo tsiku loyamba la ntchito iliyonse ankavala jekete ya ku Bulawayo, manja ali pakati pa mkono, phewa limodzi lotsika. Anadzakhala ndi masuti ena abwino owakwana, koma imeneyo ndiyo inkatsegula ntchito. Ukawalozetsa kamera ankaphimba nkhope ndi chipewa, amvekere, "Ine anandijambula kale mkazi wanga."

Atapuma ntchito anabwerera kuno, tinakhala zaka zabwino ndithu, akuweta nkhuku zimene ankazitchula maina a osewera ake. Chaka chatha, mvula itangoyamba, anadwala masabata awiri n'kutisiya. Inu munali pa mayeso. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti mlendoyu tikamuika kuti. Agona pafupi ndi asibweni a Mhone, ndipo ndikhulupirira akumva za Bulawayo mpaka pano. Tinawaveka suti yakuda yowakwana. Jekete ija ndinakaniza. Mvula itatha ndinaiyanika padzuwa, ndinaisita, ndinaibwezera m'sutikesi. Ndili mkati mosita ndinakumbukira NyaLongwe, ndinaseka ndekha, kenaka ndinakhala pansi pang'ono.

Ndiye za chithunzi, auzeni amisiri alembe dzina lokha. Tepi ija bambo anu anaisamutsira mufoni, muwauze akuonetseni, muone jekete ndi ntchito ya manja a agogo anu aakazi. Mukafuna nkhope, Tamara, umuyang'ane Wongani akamaganiza bodza loti anene, ndi yomweyo, ndi makutu omwe.

Tsono mverani. Pa tsiku la chiliza mudzi wonse udzabwera, ndipo mukuwadziwa mmene adzavalire. Tamara, mabuluku ako a mawindo aja atsale ku Lilongwe. Wongani, iwe usavutike kugula kanthu. Bambo ako akuti watalika ngati agogo ako, ndiye jekete ija ikufupikira manja, koma ilibe kanthu. Makala ndagula kale.